Kuyendetsa galimoto ku Britain ndi laisensi ya ku Malawi: zoyenera kuchita chaka chisanathe

Laisensi imene munatenga ku Road Traffic ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu imagwira ntchito ku England, Scotland ndi Wales. Mutha kutsika ndege ku Heathrow lero, mawa n'kukhala pachiwongolero popanda wokuimbani mlandu, bola galimotoyo ikhale ndi inshulansi. Koma mwayiwu ndi wa miyezi 12 yokha, kuwerengera tsiku limene munayamba kukhala m'dzikomo. Miyeziyo ikatha, kakhadi kanu kakumudzi sikakupatsaninso ufulu uliwonse pamsewu, ngakhale mutakhala kuti munayendetsa zaka 20 pa M1 osagunda ngakhale mbuzi.

Chaka chimamveka chachitali munthu akangofika. Sichili choncho ayi, ndipo malangizo onse ali m'munsimu akuchokera pamenepo: theka la chakacho simuloledwa kulemba mayeso, theka linalo limathera pamzere wodikira tsiku loyesedwa.

Choyamba: dziwani tsiku lanu

Tengani pasipoti muone tsiku limene munalowa kudzakhala. Lilembeni penapake, muwerengere masiku awiri kuchokera pamenepo. Loyamba ndi la masiku 185, chifukwa lamulo limati munthu akamalemba mayeso, kaya a pakompyuta kaya a pamsewu, akhale atakhala ku England, Scotland kapena Wales masiku osachepera 185 m'miyezi 12 yapitayo. Lachiwiri ndi lokwanitsa chaka.

Tiyerekeze kuti munafika pa 1 Marichi. Masiku 185 akwana kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo laisensi yakumudzi isiya kugwira ntchito kumapeto kwa Febuluwale. Pakati pa masiku awiriwa pali miyezi yosakwana bwino isanu ndi umodzi, ndipo m'menemo muyenera kukhoza mayeso a pakompyuta, kupeza tsiku la mayeso a pamsewu, ndi kukhoza. Pomwe m'malo ambiri oyesera anthu amadikira miyezi ingapo kuti apeze tsiku. Mukalephera ulendo woyamba, mwabwerera kumchira kwa mzere.

Pali mphekesera ziwiri zimene zimayenda kwambiri m'magulu athu a pa WhatsApp, ndipo zonse ndi zabodza. Ina imati ukapita kumudzi kutchuthi kapena kumaliro n'kubwerako, chaka chimayambiranso. Kwa mlendo wongodzacheza, miyezi 12 imawerengedwadi kuyambira tsiku limene walowa komaliza. Koma inu amene muli pa viza ya ntchito kapena ya banja ndinu wokhala, ndipo chaka chanu chinayamba pomwe munayamba kukhala. Ina imati International Driving Permit imaonjezera nthawi. Kabukuko kamangofotokoza m'zilankhulo zina zimene zili pa laisensi yanu, sikaonjezera ngakhale tsiku limodzi.

Onaninso tsiku lothera limene lalembedwa pa khadi lenilenilo. Ngati laisensi ya ku Malawi ikutha mwezi wachinayi muli kuno, ufulu wanu wathera pomwepo. Ndipo ufuluwu ndi wa galimoto zing'onozing'ono basi, zosapitirira makilogalamu 3,500 komanso za mipando ya okwera yosapitirira 8. Amene ankayendetsa lole kapena basi kumudzi asayese dala kukwera zazikuluzo ndi laisensi yomweyo.

Chachiwiri: onani ngati muli m'gulu la osinthitsa

Britain ili ndi mndandanda wa maiko amene laisensi zawo zimangosinthidwa popanda mayeso. Mu Africa muli South Africa ndi Zimbabwe. Malawi, Zambia ndi Mozambique mulibe. Inde, n'zowawa kuona mnzanu wa ku Harare akulandira laisensi papositi inu mukulimbana ndi mabuku, koma lamulo lili choncho.

Nkhaniyi ikukhudza Amalawi ambiri ndithu, chifukwa alipo amene anakulira ku Zimbabwe kapena anakhalitsa ku Joni n'kuyesedwa konko. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, mudzaza fomu ya D1, mutumiza laisensi yanu yeniyeniyo ku DVLA, ofesi ya boma yopereka malaisensi, ku Swansea pamodzi ndi £43 ndi umboni wosonyeza kuti ndinu ndani. Muli ndi zaka 5 zochitira zimenezi chifikireni, koma kuyendetsa ndi laisensi yakaleyo kumathabe pa miyezi 12, choncho musachedwe. Laisensi yakaleyo siibwerera kwa inu. Chinthu chimodzi choti musamale nacho: chimene DVLA imayang'ana ndi dziko limene munakhozera mayeso. Amene anayesedwa ku Malawi n'kukangosinthitsa laisensiyo ku South Africa sakuwerengedwa ngati woyesedwa ku South Africa.

Amene muli ku Northern Ireland, kumeneko kuli ofesi yake yotchedwa DVA, ndipo mitengo ndi malamulo ena n'zosiyanako. Zimene ndikulemba pano ndi za England, Scotland ndi Wales.

Chachitatu: inshulansi, musanalize injini

Apa ndikhalitsapo, chifukwa anthu ambiri amagwera pano osati pa mayeso.

Kumudzi tinazolowera kuti inshulansi ndi ya galimoto: kapepala kali pagalasi, aliyense wokhala ndi laisensi atha kuyendetsa. Kuno inshulansi imatchula dzina la munthu woyendetsa ndi galimoto yake. Galimoto ya achimwene anu ili ndi inshulansi, koma ngati dzina lanu silinalembedwepo, inu mukaiyendetsa mukuyendetsa popanda inshulansi. Palibe kapepala pagalasi, palibenso rodibuloko yoti mukambirane ndi bwana. Makamera a pamsewu ndi a m'galimoto za apolisi amawerenga nambala n'kuiyerekeza ndi kaundula wa inshulansi nthawi yomweyo. Chilango chochepetsetsa ndi £300 ndi mapointi 6 a chilango olembedwa pa mbiri ya laisensi yanu, apolisi ali ndi mphamvu yolanda galimotoyo pomwepo, ndipo nkhani ikapita kukhoti chindapusa chilibe malire.

Pogula inshulansi adzakufunsani mtundu wa laisensi. Nenani zoona, kuti ndi yakunja, osati ya UK kapena ya EU. Mtengo udzakwera, mwina mpaka kuposa mtengo wa galimotoyo, ndipo makampani ena adzakukanani. Zikatero mtima umafuna kudina bokosi lina kuti mtengo utsike. Musatero. Kampani imalandira ndalama zanu mwezi ndi mwezi osanena kanthu, koma tsiku la ngozi imafuna kuona laisensi, ndipo ikapeza bodza imatha kuithetsa inshulansiyo ngati kuti sinakhalepo. Chimodzimodzi kulembetsa mnzanu wa laisensi ya kuno ngati woyendetsa wamkulu pomwe galimoto ndi yanu: kumeneko amakutenga ngati chinyengo. Chenjeraninso ndi anthu amene amatsatsa inshulansi yotchipa pa Facebook kapena pa WhatsApp. Ambiri mwa iwo amalemba mbiri yabodza m'dzina lanu kapena amakupatsani chikalata chopanga okha. Mukagula kulikonse, lowetsani nambala ya galimoto pa askMID, tsamba la pa intaneti loonerapo kaundula wa inshulansi, muone ngati ikuonekadi.

Kenako pali funso la ntchito imene galimoto izigwira. Inshulansi yoyendera zapakhomo ndi kucheza siikuphimbani popita kuntchito pokhapokha mutaonjezera zimenezo. Ndipo ngakhale yopitira kuntchito imatanthauza malo amodzi okhazikika. Anzathu ambiri anabwera pa viza ya ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ndipo tsiku lawo ndi lochoka nyumba iyi kupita nyumba iyo. Kuyenda kotereku kumafuna inshulansi ya business use. Kugawa chakudya kapena maphukusi kumafunanso ina yakeyake. Uzani kampani ntchito yanu momwe ilili.

Pogula galimoto, onani kuti ili ndi MOT (satifiketi yosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ngati yapitirira zaka zitatu, landirani kachidutswa ka mwini watsopano ka pa V5C (chikalata cha kaundula wa galimotoyo), ndipo lipirani msonkho wa galimoto musanaichotse pamalopo. Msonkho wa mwini wakale sutsatira galimoto.

Chachinayi: tengani provisional mwamsanga

Iyi ndi laisensi yobiriwira ya ophunzira, ndipo popanda nambala yake simungalembetse mayeso aliwonse. Imafunsidwa pa GOV.UK, tsamba la boma la pa intaneti, pa £34, kapena papositi ndi fomu ya D1 pa £43. Mudzafunika ma adiresi amene mwakhalako, ndi umboni wa chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo. Amene muli ndi eVisa mutha kupanga share code yoperekera umboniwo. Samalani ndi masamba a pa intaneti amene amafanana ndi a boma koma amalipiritsa zoonjezera. Adiresi yeniyeni imathera ndi gov.uk.

Ambiri amaopa kuti akatenga provisional ndiye kuti asanduka ophunzira pompo. Ayi. Malinga ngati muli m'kati mwa miyezi 12 ija, mukuyendetsabe pa laisensi yakumudzi: simufunika zikwangwani za L, simufunika wokhala pambali, ndipo mutha kulowa motorway, misewu ikuluikulu yothamangiramo. Ndiye palibe chifukwa chodikirira. Uwu ndi mwayi umene wophunzira wamba alibe, woti muziyeserera nokha tsiku lililonse popita kuntchito.

Chachisanu: mayeso a pakompyuta

Amawononga £23 ndipo ali ndi magawo awiri amene muyenera kukhoza tsiku limodzi. Loyamba ndi mafunso 50 osankha yankho, m'mphindi 57, ndipo muyenera kulondola 43. Lachiwiri ndi mavidiyo 14 aafupi amene mumadina mukangoona chinthu chikuyamba kusanduka choopsa, monga mwana akutulukira kuseri kwa basi kapena galimoto ikutuluka pageti. Mamalikisi onse ndi 75, okhozera ndi 44. Kudinadina mosalekeza kuti mwina mulasa kumachititsa kompyuta kukupatsani ziro pa vidiyo imeneyo.

Madalaivala akale ndi amene amapeputsa mayesowa, n'kugwa. Werengani Highway Code yonse ndi kuyeserera pa pulogalamu ya pafoni ya DVSA, bungwe la boma loyendetsa mayesowa, m'miyezi imene mukudikira masiku 185 ija, ndipo sankhiranitu tsiku loyandikira pomwe masikuwo akukwanira. Mukalephera mudikira masiku atatu ogwira ntchito. Mukakhoza, satifiketi yake imakhala zaka ziwiri, ndipo tsiku lomwelo, musanafike n'kunyumba komwe, lowani pa GOV.UK mufunefune tsiku la mayeso a pamsewu. Ndi £62 m'kati mwa sabata, £75 madzulo kapena kumapeto kwa sabata. Ngati pafupi nanu palibe tsiku, yang'anani m'matauni oyandikana nawo, tengani limene lilipo, kenako muzibwerako kudzaona ngati wina wasiya tsiku lapafupi. Anthu ogulitsa masiku a mayeso pamtengo wokwera alipo ambiri. Musawapatse nambala ya laisensi yanu.

Chachisanu ndi chimodzi: lipirani mphunzitsi, ngakhale mukudziwa kuyendetsa

Ndikudziwa kuti zimapweteka kulipira munthu pa ola kuti akuphunzitseni chinthu chimene mwachita theka la moyo wanu. Koma woyesa sakuyesa ngati mumatha kusuntha galimoto. Akuyesa ngati mumayendetsa momwe iwo amafunira, ndipo mwa onse oyesedwa ku Britain okhoza ndi pafupifupi theka lokha. Maola ochepa ndi mphunzitsi amatchipa kuposa kulephera kawiri. Onani baji pagalasi lakutsogolo la galimoto yake: yobiriwira ndi ya mphunzitsi wovomerezeka, yapinki ndi ya amene akuphunzirabe uphunzitsiwo. Wopanda baji saloledwa kulandira ndalama.

Mwayi wathu ndi woti tonse timayenda kumanzere, ndipo paraundabauti timapatsa mpata wochokera kumanja. Zimene zimagwetsa anthu ndi zizolowezi zing'onozing'ono. Musananyamuke pambali pa msewu, yang'anani magalasi onse kenako mutembenuze khosi muone kuseri kwa phewa lamanja, ndipo muchite zimenezi nthawi iliyonse, ngakhale mumsewu mulibe ngakhale galu. Musanayatse indiketa, galasi kaye. Musanachepetse liwiro, galasi kaye. Woyesa wakhala kumanzere kwanu ndi tabuleti pamiyendo, ndipo akuyang'ana maso anu kuposa msewu. Kusayang'ana mokwanira pamphambano ndi kusagwiritsa ntchito magalasi ndi zimene zimatsogola chaka ndi chaka pa zolakwa zolepheretsa anthu.

Palinso chilankhulo chathu chapamsewu chimene muyenera kuchisiya kumudzi. Kuyatsa indiketa yakumanja pouza wakumbuyo kuti asapitirire, kuphethiritsa nyali popereka moni, kuimba hutala pothokoza kapena poitana munthu pageti, zonsezi kuno zimasokoneza anthu. Hutala saimba galimoto itaima popanda choopsa, ndipo m'tauni saimba kuyambira 11:30 usiku mpaka 7 m'mawa. Kuchotsa giya potsetsereka kuti musunge mafuta, kapena kupondereza klatchi mtunda wautali, woyesa amakulemba. Chikwangwani cha STOP chimafuna matayala aime ndithu. Ndipo raundabauti za kuno zina zili ndi mizere itatu kapena inayi yolembedwa pansi, yoti musankhe wanu musanalowe n'kuutsata mpaka potulukira. Zina ndi kabwalo koyera kongopentedwa pakati pa msewu, koma lamulo lake ndi lomwelo.

Liwiro lili m'mamailosi. Chikwangwani cha 30 chikutanthauza makilomita pafupifupi 48 pa ola, cha 70 pafupifupi 112. Pamene pali nyali za mumsewu popanda chikwangwani china, malire ndi 30, koma ku Wales kuyambira Seputembala 2023 misewu yotere yambiri ndi 20. Chikwangwani choyera chokhala ndi mzere wakuda wopingasa chimatanthauza 60 pamsewu wamba, 70 pamsewu wogawidwa pakati. Kuyenda pang'onopang'ono kwambiri popanda chifukwa nakonso ndi cholakwa pa mayeso. Kuyambira Januwale 2022, munthu wapansi amene akudikira kuwoloka msewu umene mukukhotera ayenera kupatsidwa mpata, ndipo wapanjinga mumamupitirira patali mita imodzi ndi theka kapena kuposa. Amene munazolowera kupyola kabaza mongomukhudza ndi galasi, apa ndiye pofunika kusinthiratu.

Sankhaninso bwino pakati pa manyuwo ndi otomatiki. Mukakhozera pa otomatiki, laisensi yanu idzakhala ya otomatiki yokha. Ngati nthawi yakutherani ndipo galimoto yanu ndi ya otomatiki kale, ine sindiona cholakwika kutero. Ngati mukuganiza zodzayendetsa vani yakuntchito, limbikirani manyuwo.

Chachisanu ndi chiwiri: tsiku la mayeso

Tengani provisional yanu. Mukaiiwala mayeso palibe ndipo ndalama zapita. Mutha kugwiritsa ntchito galimoto ya mphunzitsi kapena yanu. Yanu ikhale ndi inshulansi yovomereza mayeso, msonkho, MOT, zikwangwani za L kutsogolo ndi kumbuyo, kagalasi koonjezera koti woyesa aziona kumbuyo, ndipo pasakhale nyali yochenjeza imene ikuyaka padeshibodi.

Poyamba mudzawerenga nambala ya galimoto ili pa mtunda wa mamita 20. Mukalephera apa, mayeso athera pomwepo, ndiye ngati mumavala magalasi a maso avaleni. Kenako funso limodzi lokhudza galimoto musananyamuke, monga mmene mungadziwire kuti mabuleki ali bwino, ndi lina mukuyenda, monga kusonyeza mmene mungatsukire galasi lakutsogolo. Kuyendetsa kumatenga mphindi pafupifupi 40, ndipo mbali ina mudzatsata sat nav (kachipangizo kolozera njira) kapena zikwangwani nokha. Kusochera si cholakwa, bola musochere mosamala. Adzakupemphani chimodzi mwa izi: kuimika galimoto kumbuyo kwa inzake m'mbali mwa msewu, kuimika m'kabokosi ka pamalo oimikapo galimoto, kapena kuima kudzanja lamanja la msewu, kubwerera m'mbuyo pang'ono n'kulowanso mumsewu. Mwina adzakuuzaninso kuima mwadzidzidzi.

Zolakwa zing'onozing'ono zimaloledwa mpaka 15. Cholakwa chachikulu chimodzi chokha chimakugwetsani. Injini ikazima musataye mtima, nthawi zambiri chimenecho ndi chaching'ono ngati mwakoka handibuleki, kuyang'ana ndi kunyamukanso bwinobwino. Mukakhoza, woyesa amakupatsani satifiketi, amatha kutenga provisional yanu kuti laisensi yapinki ibwere papositi, ndipo mutha kuyendetsa nthawi yomweyo. Imbirani kampani ya inshulansi tsiku lomwelo muwauze kuti laisensi yasintha. Mukalephera, tsiku lina liyenera kukhala patadutsa masiku 10 ogwira ntchito.

Ngati chaka chatha musanakhoze

Kuyambira tsiku limenelo ndinu wophunzira. Muika zikwangwani za L, ndipo pambali panu pakhala munthu wa zaka zoposa 21 amene wakhala ndi laisensi yonse ya mtundu wa galimotoyo kwa zaka zitatu. Mnzanu wa laisensi ya ku Malawi sakuwerengedwa. Pa motorway mulowa pokhapokha muli ndi mphunzitsi wovomerezeka m'galimoto imene ilinso ndi mapedulo kumbali ya mphunzitsiyo. Uzani kampani ya inshulansi kuti tsopano muli pa provisional, ndipo uzani abwana anu kuntchito nthawi ikadalipo kuti akusinthireni mashifiti kapena akuphatikizeni ndi mnzanu woyendetsa.

Alipo amene amangopitiriza, poti palibe wawaimitsa. Akagwidwa, mlandu woyendetsa mosemphana ndi laisensi umabweretsa mapointi 3 mpaka 6 ndi chindapusa chofika £1,000, ndipo kawirikawiri umabwera ndi mnzake wa inshulansi, chifukwa inshulansi inaperekedwa podalira laisensi imene sikugwiranso ntchito. Mapointi satayika chifukwa choti laisensi yanu ndi yakunja: DVLA imakutsegulirani mbiri, ndipo amakutsatirani. Zimenezi zimaluma pambuyo pake, chifukwa dalaivala watsopano akafika mapointi 6 m'zaka ziwiri zoyamba chikhozereni, laisensi imalandidwa n'kuyambiranso pa provisional ndi mayeso onse awiri. Mapointi akale amene sanathe amawerengedwa nawo mukapalamulanso. Kugwira foni m'manja mukuyendetsa, ngakhale mutaima pa maloboti, ndi £200 ndi mapointi 6 nthawi imodzi. Ndipo mlandu umene wagamulidwa kukhoti muyenera kuutchula podzaza mafomu oonjezera viza, a chilolezo chokhazikika, ndi a unzika.